Mukapita kwa abwana ndi misozi mubwerako ndi adivansi

Ogwira ntchito ambiri kuno ku Salima amalowa mu ofesi ya abwana awo akufuna kuti malipiro akwere, koma amatulukamo ndi ngongole. Zimachitika m'malo ogona alendo ku Senga Bay, m'mashopu a pa Kamuzu Road, m'zigayo, m'masukulu a pulaiveti, mpaka m'nyumba za anthu. Munthu amatha sabata yathunthu akudzilimbitsa mtima. Tsiku likakwana amagogoda, n'kukhala kansonga ka mpando, manja ali pakati pa maondo, ndiye n'kuyamba: "Bwana, kunyumba zinthu zavuta. Mwana am'bweza kusukulu, eninyumba akundithamangitsa, mayi akudwala kumudzi." Abwana amamvetsera, ndipo ena chisoni chimawagwiradi. Kenako amakoka buku lija. "Tenga K40,000 iyi, tizidula K10,000 pamwezi." Munthu amathokoza, kuwomba m'manja, n'kutuluka akumwetulira. Malipiro ake sadakwere ndi tambala yomwe, ndipo kwa miyezi inayi yotsatira azilandira zochepa kuposa zomwe amadandaula nazo zija.

Ine ndikuti mbali ina ya vutoli ili pa kapemphedwe kathu. Wopita ndi mavuto a kunyumba amakhala akupempha chifundo, ndipo chifundo cha wolemba ntchito chimathera pa adivansi. Abwana sadabereke ana anu, sadakusankhireni nyumba ya lendi, ndipo mavuto omwe mwawayalirawo awamva kale kwa anzanu asanu mwezi womwewo. Chimene iwo amagula kwa inu ndi ntchito. Ngati nkhani ndi yokweza malipiro, ndiye iyenera kukhala nkhani ya mtengo wa ntchitoyo, ndipo pamenepo muli ndi zonena zambiri zomwe safunika kukumverani chisoni kuti azimve.

Mu May 2022 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 a Reserve Bank of Malawi adayigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Yemwe ankalandira K120,000 adagona ali ndi ndalama zokwana madola opitirira 100 pang'ono, n'kudzuka ali ndi madola pafupifupi 70. Wina anganene kuti ife sitidya madola. N'zoona, koma mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala, tirigu wophikira buledi, zonsezi zimalowa m'dziko muno ndi madola, ndipo mtengo wake umadzatipeza pamsika wa pa Kamuzu Road. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndipo kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 lidapitirira K50,000 m'misika yambiri. Pamene mitengo yakwera ndi 30 peresenti, wolandira K150,000 afunika K195,000 kuti angogula zomwe ankagula chaka chatha. Abwana akamuwonjezera 10 peresenti n'kumupatsa K165,000, amayenera kudziwa kuti sadamukwezere. Amuchepetsera malipiro ndi K30,000, kungoti mwaulemu.

Tayang'anani amene mumakumana nawo tsiku ndi tsiku. Mayi wogulitsa usipa adakweza mulu wake osapepesa munthu. Wakabaza adakweza, wachigayo adakweza, minibasi yopita ku Lilongwe idakweza, eninyumba adangotumiza uthenga pa WhatsApp kuti kuyambira mwezi wamawa lendi ndi yakuti. Abwana anu omwewo adasintha mitengo pa menyu, adamata timapepala tatsopano pa mashelefu, adalembera makolo kalata yoti fizi yakwera. Palibe amene adaona kuti n'chipongwe. Yekhayo amene akugulitsabe katundu wake pa mtengo wakale ndi wogwira ntchito yapamwezi, ndipo ndi yekhayonso amene amachita manyazi kutchula nkhaniyi.

Pali chinanso chomwe ogwira ntchito akale sachiwerengera. Malipiro ochepetsetsa omwe boma limakhazikitsa adali K50,000 pamwezi kuyambira 2021. Mu February 2024 adafika pa K90,000, ndipo mu June 2025 adakwera kufika pa K126,000. Tsono taganizirani kukhi wa pa loji yemwe mu 2023 ankalandira K130,000. Nthawi imeneyo ankalandira kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa mnyamata wongoyamba kumene kutsuka mbale. Ngati malipiro ake adangokhala pomwepo, pofika June 2025 adali kusiyana ndi mnyamata uja ndi K4,000 yokha. Luso lake lonse, kudziwa kukazinga chambo mpaka alendo kumabwereranso, kudziwa kuwerengetsa chakudya cha anthu 60 a wekishopu osataya mpunga, zonsezo zidatsika mtengo mpaka kufanana ndi ndalama yogulira mayunitsi a foni. Olemba ntchito ambiri boma likalengeza amangokweza omwe ali pansi pa mzere kuti asapalamule, enawo n'kuwasiya. Lamulo lidaika malire a pansi, iwo adawasandutsa malire a pamwamba. Imeneyi ndi mfundo yoti munthu atha kuyitchula mu ofesi maso ali gwa, osatchulapo za mwana wobwezedwa kusukulu.

Kukhi ameneyu akanati alowe ndi kapepala ka mfundo zake m'manja, mawu ake akanatha kuyenda motere: "Bwana, ndabwera ndi nkhani ya malipiro anga, ndipo ndapempha kuti tikambirane pamene muli ndi mpata. Malipiro angawa adasinthidwa komaliza mu 2023. Kuchokera nthawi imeneyo mnzanga wa m'khitchini adachoka ndipo simudalembe wina, ntchito yake ndikugwira ndine. Zogula za kumsika tsopano ndimayendetsa ndine, ndipo anyamata awiri atsopanowa ndikuwaphunzitsa ndine. Ndikupempha kuti malipiro anga afike pa K200,000." Akatero akhale chete. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Abwana akangokhala duu, timayamba kudzitsitsa tokha: "Komabe bwana, chilichonse chomwe mungakwanitse, ine ndilibe vuto." Mwatero mwadzigwetsera nokha mtengo munthu asadatsegule ndi pakamwa pomwe. Wogulitsa mbuzi sanena kuti "mupereke zomwe muli nazo", amatchula mtengo n'kudikira.

Kutchula nambala n'kofunika kwambiri. "Mundiganizireko bwana" ndi mawu aulemu, koma yankho lake ndi "tiona", ndipo "tiona" alibe tsiku. Nambala imakakamiza mnzanuyo kuti nayenso atchule yake. Ikakhala yochokera pa zinthu zodziwika, monga kukwera kwa mitengo, ntchito zomwe zawonjezeka, ndi zomwe anzanu a ntchito yomweyo akulandira pa malo ena, imavuta kuyikana ndi nthabwala. Kudziwa zomwe ena akulandira sikovuta monga timaganizira. Salima ndi wamng'ono. Mawetala a ku Senga Bay amadziwana onse, madalaivala amakumana pa filing'i siteshoni, aphunzitsi a m'masukulu a pulaiveti amapemphera mpingo umodzi. Chomwe chimatilepheretsa ndi mwambo wobisirana malipiro ngati matenda, ndipo mwambo umenewu amapindula nawo ndi wolipira yekha. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limanena kuti ntchito yofanana iyenera kulipidwa mofanana, popanda tsankho. Mungadziwe bwanji kuti akukuponderezani ngati aliyense amapinda envelopu yake n'kuthamangira nayo kuseri?

Ndikudziwa zomwe owerenga ena akunena mumtima. Akuti wolemba uyu akufuna atichotsetse ntchito. Mantha amenewa si opusa. Ntchito n'zosowa, achinyamata a masatifiketi ali mbwee pa boma, ndipo palibe wogwira ntchito amene sadamvepo mawu aja akuti "ngati sukufuna, pageti pali anthu ambiri." Akuluakulu adatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wa ana anayi sangaseweretse K130,000 chifukwa cha K200,000 yomwe ili m'maloto.

Koma tiyeni tiwaunike manthawo. Choyamba, kupempha kuti malipiro akwere si mlandu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la ntchito lija limati munthu sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito kapena momwe bizinesi ikuyendera, ndipo ngati akumuneneza kanthu ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Ochotsedwa mopanda chilungamo amakadandaula ku ofesi ya zantchito pa boma, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court. Sindikunamizani kuti njira imeneyi ndi yachangu. Milandu imatenga nthawi, ndipo njala siyidikira khoti. Komabe olemba ntchito ambiri amadziwa kuti njirayo ilipo, ndipo sakonda kuyitanidwa.

Chachiwiri, anthu a pageti aja alipodi, koma sadziwa ntchito yanu. Sadziwa kuti jenereta ya pamalopo imafuna kuyinyengerera motani magetsi akazima, sadziwa kasitomala amene amatenga katundu pangongole n'kubweza ndi amene amasowa, sadziwa msodzi amene amabweretsa nsomba zabwino m'mamawa. Mwini shopu amene wapeza munthu wokhulupirika pa kauntala, woti madzulo ndalama zimakwana ndendende, amadziwa mumtima kuti kupeza wina wotero ndi mwayi. Mawu a pageti nthawi zambiri amangokhala chowopsezera. Amagwira ntchito pa munthu amene sadziwa kufunika kwake, ndiye chifukwa chake kapepala kaja kamayenera kulembedwa munthu asadagogode. Ndivomereze kuti si onse ali ndi mphamvu yofanana. Mlonda amene walembedwa mwezi watha sangalankhule ngati makaniki amene galaja yonse imadalira iye. Woyamba kumene ayambe waonetsetsa kuti akulandira zomwe lamulo limanena, zinazo zibwera akakhazikika.

Chomwe chimachotsetsadi anthu ntchito nthawi zambiri ndi njira zina zomwe timatsata tikaopa kulankhula. Munthu amayamba kufika mochedwa, kuyankha makasitomala mokalipa, kunyinyirika kuseri mpaka mawu n'kukafika kwa abwana atapotozedwa. Ena amayamba kudzilipira okha: kabotolo ka mafuta ophikira m'chikwama, malita awiri a dizilo, chenji chosabwerera. Amadzitonthoza kuti akungotenga zomwe adawamana. Tsiku logwidwa amachoka opanda kalikonse, dzina litaipa boma lonse, mwinanso kugona kupolisi. Mwa njira ziwirizi, kugogoda pa ofesi ndi kumene kuli kosaopsa.

Naonso olemba ntchito ali ndi mbali yawo, ndipo wopempha wanzeru amayidziwa. Mwini loji ku Senga Bay akulimbana ndi kusowa kwa mafuta komwe kumalepheretsa alendo kuchoka ku Lilongwe, akulimbana ndi mitengo ya zakumwa, ndi nyanja yomwe mu 2024 idakwera mpaka kulowa m'mabwalo ndi m'zipinda za malo ena ogona. Boma likalengeza kuti likuchepetsa misonkhano ya kunyanja, zipinda zimakhala pululu. Mwini shopu akulephera kupeza madola oti akaodere katundu. Ena akanena kuti ndalama palibe amanenadi zoona. Koma bizinesi ikavutika, n'chifukwa chiyani woyamba kusenza mtolowo amakhala wolandira zochepetsetsa? Wogulitsa zakumwa akakweza mtengo, mwini loji amalipira. ESCOM ikakweza, amalipira. Amadandaula, koma amalipira, chifukwa amadziwa kuti akapanda kutero katundu sabwera ndipo magetsi adulidwa. Wantchito yekha ndi amene amauzidwa kuti amvetsetse, chifukwa ndi yekhayo amene amabwerabe m'mawa ngakhale asadamuwonjezere.

N'chifukwa chake nthawi yokapempha ndi nkhani yaikulu. Kupita mu February, mvula ili pakati, alendo kulibe, abwana akuwerenga zipinda zopanda anthu, ndi kudzipezera "ayi" wosavuta. Nthawi yabwino ndi pamene ndalama zangolowa ndipo thukuta lanu likadali m'maso mwawo: itangotha Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, itangotha Pasaka, kapena utangotha msonkhano waukulu womwe mudagwira mpaka usiku. Kwa ogwira m'mashopu ndi nthawi yokolola, pamene alimi agulitsa mpunga, mtedza ndi soya ndipo pakauntala sipakuduka anthu. M'mabungwe ndi m'makampani momwe amapanga bajeti ya pachaka, pemphani bajetiyo isadatsekedwe, chifukwa ikatsekedwa ngakhale bwana wokukondani manja ake amakhala omangika. Ndipo musawagwire panjira akuthamangira galimoto, kapena pamaso pa anzanu. Bwana wofunsidwa pagulu amakana kuti ateteze ulemu wake.

Akakana, nkhani isathere pomwepo. Funsani kuti, "Ndamva bwana. Nanga tidzakambiranenso liti, ndipo n'chiyani chomwe mukufuna muone kwa ine kuti zitheke?" Tsiku limenelo mulilembe, ndipo ngati n'kotheka mutumize kakalata kapena uthenga wa pafoni wothokoza ndi kukumbutsa zomwe mwagwirizana, kuti mawa pasadzakhale zoti "sindikukumbuka". Palinso zinthu zina zomwe ndi ndalama ngakhale sizitchedwa malipiro: chakudya cha masana, ndalama ya thiransipoti, nyumba, thumba la chimanga nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi. Zina si zopempha n'komwe, ndi zanu kale. Lamulo limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata. Opitirira apo ndi ovataimu, yomwe imalipidwa kamodzi ndi theka pa ola, ndipo mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma imalipidwa kawiri. Ndi angati m'malojimu amene amatseka bala 1 koloko usiku n'kudzatsegula khitchini 6 koloko m'mawa osaonapo ndi tambala ya ovataimu? Munthu wotere akangowerengetsa maola ake a mwezi umodzi atha kupeza kuti zomwe akumudyera zikuposa zomwe amafuna kupempha.

Koma samalani ndi abwana amene amakonda kupereka timaalawansi m'malo mokweza malipiro enieniwo. Alawansi imachotsedwa tsiku lililonse. Kumene kuli penshoni, wolemba ntchito amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndipo zimenezi zimawerengedwa kuchokera pa malipiro. Malipiro akaima malo amodzi zaka zitatu, ndi ndalama ya ukalamba wanu yomwe yaimanso.

Ku Dwangwa, ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ndi m'fakitale ya shuga ali ndi bungwe lawo lomwe limakhala pansi ndi kampani kukambirana za malipiro, ndipo wodula nzimbe safunika kukagogoda yekha pa ofesi ya manijala. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limalola zimenezi kwa ogwira ntchito pafupifupi onse, ndipo mabungwe otere ambiri ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions. Pa loji ya anthu khumi ndi awiri kapena pa shopu ya anthu anayi bungwe kulibe, koma kupita awiri kapena atatu, mwaulemu, ndi kalata imodzi yosainidwa ndi onse, kumasintha nkhope ya nkhani. Kuchotsa munthu mmodzi n'kosavuta. Kuchotsa khitchini yonse Khirisimasi ili pafupi, palibe mwini loji angayerekeze. Chovuta chake timachidziwa tonse: pagulu lililonse pamakhala mmodzi wothamangira kukanena kwa abwana kuti "awa akukonza sitalaka" pofuna kukondedwa. Ameneyo amalandira zikomo ndi botolo la Fanta, malipiro ake n'kukhala omwewo ngati a anzake.

Ambiri amene tikuwerenga izi pafoni, aphunzitsi, anamwino, makalaliki, asilikali, timadandaula za mabwana athu masana, madzulo n'kukakhala mabwana kunyumba. Mtsikana wolera ana, mnyamata wa pakhomo, mlonda wa usiku, onsewo amagula sopo pa mtengo womwe tikugula ife. Malipiro ochepetsetsa a ogwira ntchito zapakhomo adali K52,000 mu 2024, ndipo mu June 2025 adafika pa K72,800. M'makomo ambiri muno mtsikana akulandirabe zosafika pamenepo, ndipo chonamizira chake ndi chakuti "amadya konkuno, amagona konkuno." Iyeyo alibe ofesi yogogoda, alibe anzake osainira nawo kalata, ndipo kawirikawiri ndi mwana wa wachibale wa kumudzi amene adaphunzitsidwa kuti wamkulu sayankhidwa. Akalimba mtima n'kunena kuti "amayi, sopo wakwera," yankho lomwe amalandira ndi lomwe lija timadana nalo kuntchito: "Ngati watopa unene, kumudzi kuli atsikana ambiri." Kapena timamupatsa chitenje chakale ndi K5,000 yoti tidzadula kumapeto kwa mwezi. Munthu wotere sitiyenera kudikira kuti apemphe. Mwezi womwe malipiro athu akwera, kapena womwe boma lalengeza malipiro atsopano, ndi ife oyenera kumuyitana, kumuuza nambala yatsopano, ndi kuyamba kumulipira mwezi womwewo.